Mtengo wa Anadontho

Tamverani inu a pamzere wa nyumba uno, inu amene mumadutsa pakhomo panga m'mawa n'kungoponya "mwadzuka bwanji madala" osaima n'komwe. Lero taimani pang'ono. Ndikufuna ndikuuzeni za Anadontho, akazi anga, amene anandisiya nyengo yozizira ija. Ena munabwera kudzalira nane, zikomo. Ena mwalowa m'nyumbazi posachedwa, simunawaonepo, mumangoona nkhalamba ikutsimphina ndi ndowa mumsewu. Ine sukulu sindinapite nayo patali, ndiye ndilemba momwe ndimayankhulira. Pomwe palakwika mukonze nokha.

Dzina la Anadontho si la kwawo ayi, anawapatsa ndi amayi a pamzere pano. Mayi aja dontho la madzi ankalimva monga momwe mayi amamvera mwana wake akalira kuseri kwa nyumba. Timatha kukhala pakhonde ndi alendo, nkhani ili mkati, iwo n'kungoti zii, khutu tcheru.

"Apenta, mpopi watseka ndani?"

"Ndine."

"Mwautseka kapena mwangoupatsa moni?"

Alendo n'kuseka, ine n'kudzuka kukaukhwimitsa. Apenta ndine. Ndapenta nyumba za anthu moyo wanga wonse, zapansi ndi zosanja zomwe, koma ine ndi Anadontho takalambira m'nyumba za lendi.

Mtengo mukuuona mu diramu pakhomo pangawu ndi wa mandimu. Anaudzala ndi iwo, kuchokera ku njere, mwana wathu wamkazi akadali pasukulu. Unayambira m'kachitini ka penti. Utakula anandipempha theka la diramu imene ndinkasungunuliramo laimu wopaka makoma. Eni nyumba salola munthu wa lendi kukumba pabwalo, ndiye iwo anati, "Ukhale kaye mmenemu, tikadzamanga yathu tidzautsitsira pansi." Tinasamuka nawo kangapo mtengowo. Anthu posamuka amayamba kukweza bedi, ife tinkayamba diramu. Dalaivala wina mpaka anafunsa ngati tinakwiriramo chuma. Nyumba yathuyo sitinamange. Mtengo unangozolowera, kutalika unalekera m'chifuwa mwangamu, koma unkabala ndithu, timandimu tating'ono ta khungu lopyapyala, kufinya kamodzi kapu yonse kumva.

M'nyumba mwathu madzi sankafa msanga. Beseni limodzi linkagwira ntchito ngati munthu waganyu. Posamba munthu ankaima m'beseni lalikulu, madziwo n'kukolopera, otsala n'kukathira kuchimbudzi. Otsukuluzira zovala lero ndi amene ankanyikira zovala za mawa. Otsukuluzira mbale, omwe alibe sopo wambiri aja, ankawathira m'kachitini ka penti kaja, ndipo ndi amene mtengo unkamwa. Kachitini kamodzi basi, komanso si tsiku lililonse. Ankayamba apisa chala m'dothi, n'kuchiyang'ana, nthawi zina n'kubwerera nako kachitiniko osathira.

Ine zinkandipweteka. Ndinkati ndi umphawi umenewo.

"Make mwana, mtengo umenewu unakulakwirani chiyani kuti uzimwa zotsukira mbale?"

"Wakudandaulirani?"

"Ukanakhala ndi pakamwa bwenzi utakusumirani."

"Ukanakhala ndi pakamwa bwenzi utayamba wanena inu amene mumauthyolera ana ake osakhwima."

Bilu ya madzi ankalandira ndi iwo, kukalipira ankapita ndi iwo. Ine ndinkangopereka kangachepe kamene ndapeza n'kuiwala. Bambo wodula madzi uja, amene tonse pano timamuti Asipanala, sanaimepo pakhomo pathu. Ankadutsa ndi sipanala yake paphewa, iwo n'kumukuwira ali pakhonde, "Asipanala, lero mukukaliza ndani?" Iye n'kuseka, "Inu mayi ndinakulepherani. Onse akanakhala ngati inu bwenzi ntchito itandithera."

Anadwala pang'ono chabe. Zimenezo sindifuna kulowamo.

Pamaliro anthu anabwera ambiri ndipo mpopi sunapume. Ophika, otsuka, osamba, ana ongoseweretsa. Ine ndili m'nyumba ndinkaumva ukulira kuseri, n'kumadikira kuti wina akuwa kuti tsekani madziwo. Palibe anakuwa. Pamenepo mpamene ndinadziwa kuti apitadi.

Anthu atabalalika, mwana wathu anakhala nane pang'ono n'kubwerera kuntchito kwake, kutali. Ndinatsala ndi makoma. Nyumba ya zipinda ziwiri koma inakula ngati holo. Ndikaika kapu patebulo, phokoso lake linkandidzidzimutsa ndekha. Chamoyo chimene chinatsala pakhomo, kupatula ine, unali mtengo uja.

M'mawa wina ndinatenga kachitini kaja pamsomali, ndinakayang'ana, n'kukabwezera pomwepo. Ndinati ayi. Mayi aja moyo wawo wonse anauthera pa madzi otsala. Chinthu chawo chimene andisiyirachi chimwe madzi oyera a kumpopi mpaka chikhute. Ndinatunga ndowa yodzaza n'kukhuthulira mu diramu. Madzulo inanso. Mawa lake chimodzimodzi. Bondo litayamba kukana ndowa ndinagula kapayipi kakale pamsika, n'kumangotsegula, ine n'kukhala pampando pambali pake.

Nthawi imeneyo ndi imene ndinkayankhula. Ndinkawauza kuti shuga wakwera, kuti Amake Mapasa a khomo loyandikana nafe ayambananso ndi amuna awo, kuti malaya anga oyera aja ndawaotcha ndi simbi. Madzi akamalira padothi zinkakhala ngati wina akuvomera kuti ee, ee, pitirizani. Kutseka mpopi kunali ngati kudula munthu mawu. Ndiye ndinkachedwa kutseka.

Masamba anayamba chikasu. Ndinati ndi ludzu, ukusowa mwini wake. Ndinawonjezera madzi. Anayamba kuyoyoka. Ndinawonjezeranso.

Bilu ya mwezi wa maliro mwana analipirako ina. Yotsatira ndinaitsindira pansi pa wailesi. Kenako inabwera ya zilembo zofiira. Kuwerenga ndimavutika, koma kufiira ndimakudziwa, ndine wa penti.

Ndinapita ku ofesi ya madzi, koyamba m'moyo wanga. Mzere wautali, mabenchi odzaza, aliyense kapepala kake atakapinda m'manja kuti mnzake asaone. Pazenera ndinapeza mtsikana waulemu ndithu, msinkhu wa mdzukulu. Anayang'ana pa kompyuta, n'kundiyang'ana ine.

"Agogo, kunyumba muliko angati?"

"Ndekha."

"Nokha? Madzi amenewa ngati mumatsuka magalimoto. Mwina payipi ikudontha penapake."

"Mwana wanga, pakhomo pa Anadontho sipangadonthe kanthu."

"A ndani?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndifotokoze, koma kumbuyo kwanga wina anali atayamba kale kutsokomola mwadala. Ndinangoti basi, palibe. Iye anati ndikapereka theka andidikira, ndikapanda kutero abwera kudzadula. Ananena mofatsa, n'kuitana wotsatira.

Ndinagulitsa makwerero anga. Kenako maburashi, kenako wailesi. Zimene ndinapeza ndinakasiya pazenera paja, mtsikana anati zikomo agogo koma zachepa. Ndiye ndinayamba kudzimana ineyo. Kusamba ndinkadumphitsa masiku. Zovala ndinkangoziyanika padzuwa osachapa. Tiyi kamodzi, m'mawa. Koma mtengo sindinaumane. Ndinkati ine ndingapirire, uwu ndi wamasiye.

Tsiku lina Amake Mapasa anandipeza ndikutola masamba ogwa.

"Madala, akuti Asipanala akuyenda mzere wathu sabata ino. Nanunso akukufunani?"

"Kaya."

"Kaya chiyani, nkhope yanuyo yayankha kale. Tamverani, pano aliyense ali ndi nzeru yake. Atelala amamangirira galu pa mita. Akondakitala anaunjikapo matayala akale. Ine ndimayatsa mbaula pamwamba pa chivundikiro n'kumaphika tsiku lonse, ndione ngati angagwire chitsulo chamoto. Koma inu muli ndi chida choposa tonsefe."

Analoza diramu.

"Amuna awiri sangainyamule imeneyi. Tikaikhazika pa mita yanu, Asipanala akangoiona ati ndibwera mawa, mawa lakelo n'kusanduka mwezi."

"Mwini wake sakanalola."

"Mwini wake sakanafika pamenepa, madala." Atatero anagwira pakamwa. "Pepani. Pakamwa pangapa palibe chitseko."

Sananame ayi. Ndinavomera. Mita yathu, monga zanu zonse, ili pansi pafupi ndi khomo, pamwamba pake chivundikiro chachitsulo. Amuna awo a Amake Mapasa ndi Atelala anabwera kudzakankha. Anabuula ngati akukankha lole. Atelala anati, "Madala, kale ija sinkalemera chonchi, mwaikamo miyala?" Ine ndinati mtengo wakula. Anangoyang'ana nthambi zopanda masamba zija. Diramu inakhala pa mita ndendende.

Asipanala anafika dzuwa litakwera. Nayenso wakalamba, imvi zayamba m'mbalimu. Anaima, anayang'ana diramu, n'kundiyang'ana.

"Odi Apenta. Nanunso? Galu ndinamuzolowera, mbaula ndinaizolowera. Mtengo ndiye koyamba."

"Umafuna dzuwa la pamenepo."

"Dzuwa lake lasankha pa mita penipeni?"

Iye anavula chipewa.

"Ndinamva za mayi. Pepani kwambiri. Mzere uno ndikamadutsa masiku ano palibenso wondiseka, onse amangonditukwana chamumtima. Koma madala, ndikabwerera osadula, mawa adula ine. Wina bwenzi atangoikankha ndi phazi kuti igwe. Ine ayi. Tiisuntha bwinobwino, inu uko ine kuno. Koma yambani mwatunga. Ine ndikhala apa, mwendo ukundipweteka. Usiya kupweteka mukadzaza zonse."

Anakhala pakhonde n'kumayang'ana kumsewu. Ine ndinatunga. Ndowa, beseni, mapoto, ketulo, mabotolo a mafuta, ngakhale mbale zodyera. Madzi ena ankatayikira pansi, ine n'kumayembekeza kukalipiridwa. Pomaliza ndinadzaza kachitini kaja.

"Mwendo wapola?" ndinamufunsa.

"Wapola, madala."

Tinagwira diramu. Tinaipendeketsa pang'ono kuti tiziiyendetsa chozungulira. Koma pansi pake panali patadyeka ndi dzimbiri, ndipo panakola m'mphepete mwa chivundikiro. Ndinangomva kuti kwee! Chitsulo chinang'ambika. Madzi akuda bii anakhuthuka, kumunyowetsa nsapato ndi buluku lomwe.

"Iii, madala! Mukuweta nsomba mmenemu?" Anagwira mphuno. "Fungo ngati ngalande!"

Ine sindinaseke. Ndinkangoona madzi onse amene ndinaupatsa akuyenderera kupita kumsewu, dothi likutsatira pambuyo.

"Mwaupha," ndinatero.

"Pepani. Sindinadziwe kuti pansi panatha."

Anatola njerwa n'kuikhazikapo diramu kuti isagwe, pong'ambika paja pali m'malere. Kenako anagwada, anatsegula chivundikiro, sipanala inazungulira. Mpopi ndinali nditausiya wotsegula. Unatsokomola, unadontha pang'ono, n'kukhala chete. Iye anavala chipewa n'kumapita mwakachetechete, nsapato zikulira madzi.

Madzulo mwana anaimba foni.

"Ababa, Amake Mapasa andiuza zonse. Bwanji osanena?"

"Uli ndi ako ana oti uwaganizire."

"Ingobwerani kuno basi. Mugona ndi adzukulu anu."

"Nanga mtengo?"

"Ababa, ife timakhala pamwamba, masitepe okhaokha. Komanso akuti chinauma kale chitsacho."

"Amako sanautchulepo chitsa."

Ndinamva akufwenthera. Ndinati ndiganiza kaye. Koma mumtima ndinati, ukauma wonse ndipita, ndilibenso cholondera pano.

Madzi otunga aja anatha. Ndinayamba kukagula kumapeto kwa msewu, kumene amagulitsa pa ndowa. Mumandiona. Bondo limalola theka la ndowa, kamodzi patsiku. Pamzere wogula madziwo pamakhala amayi ndi atsikana, akandiona amati adutse agogo, n'kundipatsa njira. Ndi ulemu, koma nkhani zawo zimaima mpaka nditachoka. Kubwerera ndimapuma pa sitolo ya Atelala, ndimapumanso pa mtengo wa magetsi.

Madzi amene wanyamula wekha umawayang'ana mwina. Ndinangozindikira ndaima m'beseni lalikulu posamba. Ndinangozindikira ndikukolopa ndi madzi omwewo, otsala ndikupita nawo kuchimbudzi. Palibe anandiphunzitsa, manja anangokumbuka zimene maso ankaona zaka zonsezo. Ndikatsukuluza mbale yanga imodzi ndi kapu yanga imodzi, madzi otsala ankangokwana m'kachitini kaja. Ndinkapita nako kumtengo ndi manyazi.

"Pepani make mwana, ndi zotsukira mbale. Ndilibe ena."

Masiku ena ngakhale amenewo ankasowa. Ndinkadutsa pa diramu nditayang'ana kumbali, ngati munthu wodutsa pakhomo pamene ali ndi ngongole.

Tsiku lina ndinapisa chala m'dothi. Si nzeru ayi, ndimafuna ndione ngati dothi lilipobe lokwanira chifukwa lina linapita ndi madzi aja. Pamwamba panali pouma koma mkati munali chinyezi. Ndinati, aa, ndiye lero ndisunge amenewa. Ndinatembenuka ndi kachitini kodzaza kubwerera m'nyumba. Nditafika pakhomo ndinaima. Chala chamatope, kachitini m'dzanja, kubwerera osathira. Ndinali nditawaona mayi aja akuchita zimenezi kosawerengeka, ine ndili pampando ndikuwaseka. Ndinakhala pansi pakhomo pomwepo kwa nthawi ndithu.

Papita kanthawi tsopano. M'mawa wina ndikusesa ndinaona kanthu kobiriwira pa nthambi yoyang'ana kukhomo, kakang'ono ngati mutu wa machesi. Ndinayesa kachilombo. Ndinakagwira ndi chikhadabo, sikanathawe. Maso anga sindiwakhulupiriranso, ndiye ndinaitana Amake Mapasa.

"Taonani apa. N'chiyani ichi?"

Anawerama, mwana kumbuyo.

"Mphukira, madala."

"Musandinamize."

"Ndinamize nkhalamba kuti ndipindule chiyani? Nayi ina, nayinso ina. Koma nthambi zinazi ndiye zapita, muzidule." Ananunkhiza mu diramu. "Fungo lija latha. Kodi inu munkauthirira kapena munkausambitsa?"

Anaseka n'kumapita, mbaula yawo ikuwadikira pa mita. Ine kuseka kunandikanika, kulira kunandikanikanso. Miyezi yonse ija ndimati ndikuulemekeza, chonsecho ndimaumiza. Mizu imawolera m'madzi anga oyera aja. Anaupulumutsa ndi bambo wa sipanala amene ndinamunena kuti waupha, ndi zotsukira mbale. Ndinamva ngati wina pakhonde akuti, "Wakudandaulirani?"

Ndinadula nthambi zouma. Watsala wa mbali imodzi, wopendekera kukhomo ngati ukufuna kulowa m'nyumba. Masamba ndi ochepa koma ndi obiriwira bwino, ukawatikita amanunkhira ngati manja awo. Ngati udzabalenso sindikudziwa. Mwana ndinamuuza kuti sindibwera. Anati ababa ndinu ouma mutu, ine ndinati unatengera kwa ine.

Madzi sanalumikize mpaka lero. Mwana akatumiza kangachepe ndimakasiya pazenera paja, ngongole imatsika ngati nkhono. Asipanala akamadutsa amayang'ana mu diramu n'kufunsa kuti nsomba zanga zili bwanji. Mpopi uli chete, koma madzulo ndimapitabe kukaukhwimitsa, dzanja linazolowera kukalipiridwa. Chimene ndimasowa ndi kulira kwa madzi kuja. Masiku ano ndimayankhula nawo pamene kachitini kakukhuthuka basi, ndipo sikachedwa kutha. Ndaphunzira kunena mwachidule. Zina ndimasunga mpaka tsiku lothira lina, zina ndimaiwala. N'chifukwa chake izi ndakulemberani inu.

Ndakalamba, anthuni. Tsiku lina mudzaona chitseko changa sichikutseguka, kapena mwana adzabwera ndi galimoto n'kundinyamula ndikufuna ndisakufuna. Eni nyumba adzafuna pabwalo poyera kuti alowe wina. Musadzalole kuti autaye kudzala. Atelala, mphamvu mukadali nazo, mudzaukankhire pakhomo panu, koma pansi pake mpong'ambika, mudzasamale zala ndipo musadzamatepo. Amake Mapasa, kachitini kali pamsomali kuseri kwa chitseko. Muziyamba mwapisa chala. Mukamva chinyezi bwererani nako, musachite manyazi.

Ndipo ana akadzafunsa kuti mtengo wa mu diramuwu ngwa ndani, musadzati ngwa madala ankatsimphina aja. Ine ndinatsala pang'ono kuupha. Mudzati ngwa Anadontho, mayi amene ankamva dontho ali pakhonde. Mpopi ukamadontha kwanu, wina adzuke akatseke, n'kuwatchula dzina. Muziwatchula, chonde, ndisamawatchule ndekha.